Alan Arnold Griffith, Munthu Amene Adafunsa za Mng'alu

Mwana aliyense wa ku Mbombwe amene adapangapo galimoto ya mawaya amadziŵa kudula waya popanda pulayazi. Samukoka ayi, pakuti ngakhale anyamata anayi atakokerana, aŵiri uku aŵiri uku, wayayo sangaduke. Iye amangomupinda n'kumuwongola, kumupinda n'kumuwongola, pamalo amodzimodzi, mpaka pamalopo patentha, patuŵa, ndipo waya uja amathyoka ngati phesi louma. Mwanayo amadziŵa kachitidwe kake, koma akafunsidwa kuti zatheka bwanji kuti zala ziŵiri zigonjetse chimene chakanika anyamata anayi, amangoseka. Ndipo si nthaŵi zonse pamene mphunzitsi wake amakhala ndi yankho loposa kuseka komweko.

Akatswiri a zitsulo amati waya wotere watopa. Mawuŵa adangobwerekedwa kwa anthu, chifukwa chitsulo sichimva kutopa, ndiponso sichingapume n'kupezanso mphamvu. Chimene chimachitika n'chakuti kamng'alu kosaoneka ndi maso kamabadwa pakhungu pa chitsulocho, ndipo kamakula pang'ono nthaŵi iliyonse chitsulocho chikapindidwa. M'kope lino tasankha kulongosola moyo wa munthu amene adayamba kufotokoza ndi masamu chifukwa chimene mng'alu umayendera, Mngerezi wotchedwa Alan Arnold Griffith. Tamsankha popeza zambiri zimene adatulukira adazitulukira ndi zipangizo zimene ngakhale sukulu ya kumudzi ingathe kuzipeza. Komanso tsiku lina iye adapatsidwa pepala la munthu wamng'ono kwa iye kuti alichonge, ndipo mmene adalichongera ndi nkhani yoyenera kuimva aliyense amene akukonzekera kugwira cholembera chofiira.

Griffith adabadwira ku London pa 13 Juni 1893. Bambo wake, George Griffith, adali mtolankhani woyendayenda m'maiko, amene adatchuka polemba nthano zopeka za zombo zouluka ndi nkhondo za mumlengalenga, patatsala zaka khumi kuti ndege yeniyeni idzuke pansi. Banjali lidasamukira pa chilumba cha Isle of Man, ndipo kumeneko bamboyo adamwalira m'chaka cha 1906, mwanayo ali pafupi kukwanitsa zaka 13. Adaphunzira sekondale m'tauni ya Douglas, ndipo mu 1911 adapata thandizo la ndalama lopitira ku Yunivesite ya Liverpool kukaphunzira za makina. Adatsiriza mu 1914 ali m'gulu la opambana koposa.

Chaka chotsatira n'chosavuta kuchikumbukira kwa ana athu, pakuti ndicho chaka chimene Mbusa John Chilembwe adadzuka ndi anthu ake ku Mbombwe, asilikali a boma la atsamunda n'kugwetsa tchalitchi chake. M'chaka chomwecho cha 1915, nkhondo yaikulu yoyamba ili mkati, Griffith adaloŵa ntchito ku Farnborough, kumene boma la Britain linkapangira ndi kuyesera ndege zake. Adali ndi zaka 22. Tikupemphani musunge chiŵerengero chimenechi, chifukwa tikumana nachonso.

Sopo ndi galasi

Ntchito yake yoyamba kutchuka adaigwira pamodzi ndi katswiri wa masamu G. I. Taylor, ndipo idatuluka mu 1917. Funso lidali lakuti, mtanda wachitsulo ukamapotoledwa, monga umachitira mtanda wozunguza mapiko a kutsogolo kwa ndege, kodi ndi pati pamene chitsulo chimazunzika koposa? Mtanda wobulungira masamu ake ngosavuta. Koma mtanda wa ngodya, kapena wokhala ndi kangalande koloŵetsamo kiyi, masamu ake adali osatheka panthaŵiyo. Tsono aŵiriŵa adatenga nzeru imene Mjeremani Ludwig Prandtl adaionetsa kale pa pepala, naisandutsa chida chogwirika. Ankaboola chitsulo chopyapyala, bowo lake lofanana ndi nkhope ya mtanda wodulidwa, n'kuyalapo kachikopa ka madzi a sopo, n'kukafufumitsa pang'ono ndi mpweya kuchokera pansi. Pamene kaphiri ka sopoko katsetsereka kwambiri, pamenepo ndi pamene mtanda weniweni umazunzika koposa. Ndipo malo otsetsereka koposa ankapezeka nthaŵi zonse m'ngodya zakuthwa zoloŵa mkati. Pa ntchitoyi adalandira mendulo ya golide kuchokera ku bungwe la akatswiri a makina la dziko lawo. Ife timakonda kukumbukira nkhani imeneyi pamene tikumva madandaulo akuti sayansi siingaphunzitsike popanda nyumba yodzaza ndi mabotolo. Madandaulowo ali ndi choona chake, koma sopo alipo pa golosale iliyonse.

Kuchokera pa ngodya zakuthwa, Griffith adafika pa nkhani ya kukandika kwa chitsulo. Kutopa kwa zitsulo sikudali kwachilendo. Mu 1842 ekiselo ya sitima yapamtunda idathyoka pafupi ndi Versailles ku France, anthu ambiri n'kupsa m'mabogi, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1850 ndi 1870 Mjeremani August Wöhler adatha nthaŵi yaitali akuzunguza maekiselo pa makina, kuŵerenga kuti ekiselo izungulira kangati isanathyoke. Amisiri a injini za ndege nawonso ankadziŵa kuti chitsulo chosalazidwa bwino chimakhalitsa kuposa chokandika. Chimene chinkasoŵa ndi chifukwa chake. Mu 1913 C. E. Inglis wa ku Cambridge adaonetsa kuti mphamvu yokoka chitsulo ikapeza bowo imalambalala n'kuunjikana m'mphepete mwake, monga madzi a mtsinje amathamangira pamene mtsinjewo wapanikizika pakati pa miyala. Bowo likasongoka, kuunjikanako kumakula. Koma masamu a Inglis adali ndi pobisalira vuto: ankangoyang'ana maonekedwe a bowo, osati kukula kwake. Potsata masamuwo, kamzere kokandika ndi singano ndi mng'alu wotalika ngati dzanja zikadakhala zoopsa chimodzimodzi, malinga n'zosongoka mofanana. Mmisiri aliyense adadziŵa kuti si mmene zinthu zilili.

Apa ndipo pamene Griffith adaganiza mosiyana ndi anzake onse, ndipo tiyenera kudekhapo. Chinthu chilichonse chokokedwa chimasunga mphamvu mkati mwake, monga mphira wa legeni kapena uta wokoka. Mng'alu ukatalika pang'ono, mbali zoyandikana nawo zimamasuka, ndipo mphamvu yosungika ija imatuluka. Koma kuti mng'aluwo utalike, uyenera kulekanitsa tizidutswa togwirana n'kupanga nkhope ziŵiri zatsopano pamene padali chinthu chimodzi, ndipo ntchito imeneyi imadya mphamvu. Choncho mng'alu uli ngati munthu wa geni: uli ndi polipira, ulinso ndi popindula. Mtengo wolipira susintha pa sitepe iliyonse, koma phindu limakula mng'alu ukamatalika. Mng'alu waufupi umangokhala duu, chifukwa phindu silikwanira mtengo. Ukangopyola utali wina wake, phindu limaposa mtengo, ndipo pamenepo palibenso woukankha, umathamanga wokha mpaka chinthucho chitagaŵika paŵiri. Masamu ake amatuluka mwaudongo: mng'alu ukatalika kanayi, katundu wofunika kuthyola chinthucho amatsika kufika pa theka, ukatalika ka 9, amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Poyesa ganizoli sadatenge chitsulo, popeza chitsulo chimapindika chisanathyoke ndipo chikadasokoneza chiŵerengero. Adatenga galasi. Ankakanda timachubu ndi timabotolo tagalasi, mizere yotalika mosiyanasiyana, n'kutipopa mpaka kuphulika, ndipo zotsatira zake zidagwirizana ndi masamu aja. Kenaka adasungunula galasi n'kulikoka kukhala ulusi. Ulusi wonenepa milimita imodzi unkaduka msanga monga galasi wamba. Koma ulusi woonda koposa umene adatha kukoka, wa milimita 0.003 kapena kuposerapo pang'ono, udapezeka wolimba pafupifupi ka 20 kuposa woyamba uja, tikayerekeza ndi kuonda kwake. Galasi lake lomwelo, mphika wake womwewo. Griffith adati kusiyana kwake n'kwakuti galasi lililonse lili ndi timing'alu tobisika, ndipo ulusi woonda chotere ulibe malo osungira mng'alu waukulu. Ndiye kuti chinthu sichithyoka chifukwa chonsecho n'chofooka. Chimathyokera pa chilema chake chachikulu koposa, ngakhale chilemacho chisaoneke.

Adasindikiza zimenezi mu 1921 m'magazini a Royal Society, ndipo mu 1924, pa msonkhano wa ku Delft, adakonza cholakwa chimene chidaloŵa m'masamu a pepala loyambalo. Inde, nayenso adalakwitsapo samu, ndipo palibe amene adataya ganizo lake lonse chifukwa cha cholakwacho. Zitatero ntchito ya galasi idaima. J. E. Gordon, katswiri wina amene adagwiranso ntchito ku Farnborough, adasimba m'buku lake kuti mthandizi wa Griffith adaiŵala kuzima moto wosungunulira galasi usiku wina, moto n'kubuka, ndipo akuluakulu pofufuza adaona kuti kukoka ulusi wagalasi n'kutaya ndalama za boma. Kwa zaka zoposa 20 pepala lija lidagona m'mashelefu. Lidadzutsidwa pamene zombo zina zowotcherera za dziko la America zidayamba kung'aluka pakati m'madzi ozizira pa nkhondo yachiŵiri. George Irwin ndi Egon Orowan ndiwo adaonetsa kuti ganizo la Griffith limagwiranso pa zitsulo, malinga tiŵerengerepo mphamvu yambiri imene imathera popinda chitsulo cha kunsonga kwa mng'alu. Pambuyo pake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Paul Paris adaonetsa kaŵerengedwe ka mmene mng'alu umasendera pa kukokedwa kulikonse. Apa nkhani ya waya uja yakwanira: kupindapinda kumabala mng'alu ndi kuulera, ndipo ukafika pa utali wa Griffith umamaliza wokha.

Zimenezi zingathe kuloŵa m'kalasi la Sitandade 7 kapena 8 popanda kugula kanthu. Ana adaonapo wogulitsa nsalu ku Limbe akudula pang'ono ndi sizasi m'mphepete mwa chitenje, kenaka n'kung'amba ndi manja kamodzi. Afunseni chifukwa chake sang'amba asanadule. Dulani mapepala ofanana m'lifupi, ena muŵasiye amphumphu, ena muŵacheke m'mbali mamilimita 5, ena mamilimita 20, ndipo mupachike chitini pansi pake, ana azithiramo mchenga ndi supuni, akuŵerenga. Tikuchenjezeni chinthu chimodzi: pepala si galasi, ndipo ziŵerengero sizidzatsata lamulo la Griffith ndendende. Musazikonze kuti zikomere buku. Lembani pa bolodi zimene zatuluka, ndipo ana akambirane chifukwa chake mapepala aŵiri ochekedwa mofanana aduka pa masupuni osiyana. Wöhler mwini wake ankakumana ndi kusiyana kotereku, ndipo mpaka lero oyesa zitsulo sakhulupirira chitsulo chimodzi chokha.

Pepala la mnyamata wa zaka 22

Atachotsedwa pa galasi, Griffith adatembenukira ku injini. Mu 1926, chaka chimene Dr. Daniel Malekebu adabwerera kudzatsekulanso mishoni ya ku Mbombwe, iye adalemba pepala lachiŵiri limene lidasintha mbiri. Injini ya turbine kagwiridwe kake ndi aka: imameza mpweya kutsogolo, magudumu a timapiko amaupanikiza, mafuta onga palafini amathiridwamo n'kuyatsidwa, ndipo mpweya wotenthawo potuluka umazunguza gudumu lina la timapiko, limene limazunguza oyamba aja. Anthu adayesapo injini zotere kale, koma mphamvu pafupifupi yonse inkathera popanikiza mpweya, osatsala yogwirira ntchito. Griffith adaona kuti cholakwa chili pa kapangidwe ka timapikoto. Tinkamenya mpweya ngati nkhafi, mpweya n'kumasokonekera kumbuyo kwake, pamene tikadayenera kuumbidwa ngati phiko la ndege kuti mpweya uzitsetsereka bwino. Makina ang'onoang'ono oyesera adatsimikiza kuti adanena zoona. Iye ankalinga injini ya magudumu ambiri otsatizana pa mtanda umodzi, yozunguza mapiko a kutsogolo kwa ndege.

Kumapeto kwa 1929, ali pa udindo waukulu ku nyumba yofufuzira ya unduna wa za ndege ku South Kensington, adalandira mlendo. Adali Frank Whittle, msilikali woyendetsa ndege, mwana wa mmisiri wa makina wa ku Coventry, wa zaka 22. Whittle adabwera ndi ganizo la injini yopanda mapiko a kutsogolo, yokankha ndege ndi mpweya wotuluka kumbuyo wokha, ndipo yopanikiza mpweya ndi gudumu limodzi louponyera m'mbali. Undunawo udapereka pepalalo kwa Griffith monga munthu wodziŵa nkhaniyi kuposa wina aliyense m'dzikomo. Griffith adapezamo samu yolakwika. Adaonanso kuti mnyamatayo akuyembekezera zambiri kuposa zimene makina a nthaŵiyo akadatha, ndiponso kuti padalibe chitsulo chotha kupirira kutentha ndi kukokeka kwa m'kati mwa injini yotere. Undunawo udayankha Whittle kuti ganizo lake silingatheke.

Whittle adalembetsa yekha umwini wa ganizolo mu Januwale 1930, koma mu 1935 umwiniwo udatha chifukwa adasoŵa mapaundi 5 oulipiriranso. Ndi thandizo la anzake ndi ndalama zochepa, injini yake idalira koyamba pa 12 Epulo 1937. Ajeremani, amene adayamba pambuyo, adaulutsa ndege yawo ya jeti pa 27 Ogasiti 1939, ndipo ya Whittle idauluka pa 15 Meyi 1941, mabomba atagwa kale pa London ndi pa Coventry.

Anthu ambiri olemba mbiri ya Whittle amamuda Griffith pa nkhaniyi, ndipo ife tikuona kuti chilungamo chifuna tinene zonse. Samu ija idalakwikadi. Za zitsulo adanenanso zoona: chitsulo cha nickel chotchedwa Nimonic 80, chimene chidapulumutsa timapiko ta injini zoyamba za Angerezi, chidapezeka mu 1941. Ngakhale pa kapangidwe, injini zazikulu zonse za masiku ano zidatsata njira ya Griffith ya magudumu otsatizana, osati ya Whittle. Komabe njira ya Whittle ndiyo idali yotheka kuipanga msanga, ndipo idapangikadi. Munthu amene adaphunzitsa dziko kuti chinthu chimathyokera pa chilema chake adayang'ana pepala la mnyamata ndi diso lomwelo, napeza chilema, naganiza kuti lonse lathyoka. Koma ganizo si galasi. Samu yolakwika imakonzeka, monga idakonzekera yake yomwe mu 1924, ndipo zitsulo zimene kulibe chaka chino zimatha kupezeka ngati pali chifukwa chozifunira. Tiwonjezepo kuti Griffith adali ndi injini yakeyake m'mutu, ndipo n'kovuta kuti munthu aweruze mosakondera ntchito yopikisana ndi yake. Inu amene mudzachonga makope 80 usiku umodzi pa nyali, mudzakumana ndi mwana amene yankho lake n'lolakwa koma njira yake ndi yatsopano, yosiyana ndi imene mudaonetsa pa bolodi. Kuika mtanda wofiira kumatenga kamphindi. Kutsata njirayo mzere ndi mzere kuti muone pamene yapatukira kumatenga mphindi zisanu zimene mulibe. Sitikunena kuti n'kwapafupi.

Mu 1939 Ernest Hives, mkulu wa kampani ya Rolls-Royce, adamuitana Griffith ku Derby, nampatsa chipinda chachete ndi mmisiri wojambula mapulani, Donald Eyre, ndipo ntchito yake idali kuganiza. Adali munthu wosalankhulalankhula, wokonda kugwira ntchito payekha, ndipo maganizo ake ena adali opotana kotero kuti sadafike pouluka. Koma ena adabala zipatso. Mu 1941 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Pa mapulani ake a 1945 padachokera injini ya Avon, imene idalira koyamba mu 1947, ndipo zidapangidwa zoposa 11,000. Iye ndiyenso adalimbikitsa kuti mpweya wina uzilambalala moto n'kukakumana ndi unzake kumbuyo, kuti injini idye mafuta ochepa ndi kuchepetsa phokoso. Ganizoli lidabala injini ya Conway, yoyamba ya mtundu umenewu kunyamula anthu, mu 1960.

Fumbi lofiira

M'zaka zomwezo funso la ubwana wake lidabwerera, ndipo lidabwera ndi maliro. M'Malichi 1953 ndege ya mtundu wa Viking ya kampani ya Central African Airways, imene boma la Nyasaland lidali mmodzi wa eni ake, idagwa ku Tanganyika phiko litathyoka chifukwa cha kutopa kwa mtanda wake, ndipo anthu 13 adafa. Chaka chotsatira ndege ziŵiri za Comet, mtundu woyamba wa jeti kunyamula anthu, umene udayamba ulendo wa London mpaka Johannesburg kudzera ku Livingstone mu 1952, zidasweka mumlengalenga pafupi ndi Italy. Pa yoyamba padafa anthu 35, pa yachiŵiri 21. Ku Farnborough komwe kuja adamiza thupi la Comet ina m'thanki la madzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa usana ndi usiku, mpaka lidang'aluka pa ngodya ya bowo litakwanitsa maulendo ongopitirira 3,000. Ngodya zakuthwa zija, zimene sopo adaziloza mu 1917.

Koma malo amene mbali ziŵiri za moyo wa Griffith zimakumana kwenikweni ndi m'kati mwa injini momwemo. Kaphiko kalikonse kali ndi tsinde limene limaloŵetsedwa m'kangalande ka m'mphepete mwa gudumu, monga msuka wa khasu umaloŵera mumpini. Tsindelo limasemedwa ngati mchira wa nkhunda, mfundo imene akalipentala amaidziŵa, kapena la mano angapo mbali zonse. Gudumu likamazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi imodzi, kaphiko kolemera ngati mpeni wa kukhitchini kamakoka tsinde lake ndi mphamvu ya matani angapo. Munthu angaganize kuti zitsulo ziŵiri zothinana chotere sizingasunthe. Komatu zimasuntha. Injini ikadzuka ndi ikazima, ndiponso kaphiko kakamanjenjemera ndi mpweya, nkhope ziŵirizo zimakhulana pang'ono zedi, kuchepera kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma kosalekeza. Kukhulana kotere Angerezi amakutcha fretting. Kumanyenya khungu la chitsulo kukhala fumbi, fumbilo limachita dzimbiri n'kusanduka mchenga wokanda, ndipo m'mphepete mwa malo okhudzanawo mumabadwa timing'alu. Ndiye kuti gudumu losalazidwa bwino lomwe limadzipangira lokha zilema za Griffith, pamalo obisika pamene diso silifika.

Vutoli lidaonekera koyamba mwangozi mu 1911, pamene akatswiri atatu, Eden, Rose ndi Cunningham, adapeza fumbi lofiirira m'mano a makina awo oyesera zitsulo. G. A. Tomlinson adalifufuza mu 1927, ndipo mu 1941 E. J. Warlow-Davies adaonetsa kuti chitsulo chokhulidwa motere chimatopa msanga. Kayesedwe kake masiku ano ndi mdzukulu wa makina a Wöhler. Amatenga kachitsulo ka mtundu womwewo wa gudumu, titanium ngati n'kwa kutsogolo kozizira, kapena chitsulo cha nickel ngati n'kwa kumoto, n'kukamanga pa makina okoka ndi kumasula kambirimbiri pa sekondi imodzi. M'mbali mwake amapanikizamo tizitsulo tiŵiri ndi mphamvu yoyezedwa, kuti tizikhula monga tsinde la kaphiko limachitira. Ngati akuyesa za kumoto, zonsezo amazitsekera m'ng'anjo. Kenaka amangoŵerenga. Kachitsulo kakaduka, amalemba chiŵerengero, n'kumanga kena pa katundu wocheperapo, mpaka atapeza katundu amene kachitsulo kamapirira maulendo 10,000,000 osaduka. Akayerekeza ndi tizitsulo toyesedwa popanda okhula m'mbali aja, kaŵirikaŵiri amapeza kuti kulimba kwatsika kufika pa theka, mwinanso kupyola. Ndi ntchito yotopetsa, ya masabata, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pake amacheka chodukacho n'kuchiyang'ana pa maikulosikopu: mng'alu umayambira m'mphepete mwa pokhudzana, umaloŵa chopendekera, kenaka n'kukhota kudula chitsulo mopingasa.

Zimene amaphunzira pamenepo ndizo zimasanduka malamulo a m'magalaja a ndege. Tsinde la kaphiko amaliwomba ndi timipira tachitsulo kuti khungu lake lipanikizike ndi kutseka pakamwa pa timing'alu. Amalikuta ndi chitsulo chofeŵa chosakaniza mkuwa, n'kupakapo mafuta ouma. Gudumu lililonse lili ndi buku lake loŵerengera maulendo, ndipo likafika pa chiŵerengero choikika limachotsedwa ngakhale likuoneka latsopano. Ndipo ngakhale pali zonsezi, nkhaniyi siidathe: pa 17 Epulo 2018 kaphiko ka injini ya ndege ya Southwest Airlines ku America kadathyokera patsinde pomwepo chifukwa cha mng'alu wa kutopa, zidutswa zidaswa zenera, ndipo mayi mmodzi adafa.

Fumbi limeneli ana angathe kuliona ndi maso awo. Pa njinga yakale, pamene kotapini wakhwefuka kapena pamene chishalo chimaloŵa m'felemu, pamatuluka ufa wofiira ngati katondo, wosalala kuposa dzimbiri la mvula, ndipo umapezeka ngakhale m'chilimwe. Pa chigayo umaoneka mozungulira mabauti ndi pamene pule yagwira mtanda. Atumeni anawo akafunse okonza njinga kuti sipoko imadukira pati, ndipo adzamva kuti imadukira pa chigongono, pamene yakoloŵekedwa m'habu, osati pakati. Abwere ndi sipoko zodukazo m'kalasi. Poduka pamaoneka mbali ziŵiri, ina yosalala, imene mng'alu udayenda pang'onopang'ono kwa miyezi, ina yokakala, imene idatha m'kamphindi.

Ntchito yomaliza ya Griffith idali ya ndege zonyamuka choimirira popanda kuthamanga pa bwalo. Chimakina choyesera ganizoli, chimene anthu adachitcha bedi louluka chifukwa cha maonekedwe ake, chidauluka chosamangidwa mu 1954. Adapuma pa ntchito mu 1960, ndipo adamwalira pa 13 Okotobala 1963, ali ndi zaka 70, patatsala miyezi yosakwana 9 kuti dziko lino lilandire ufulu wodzilamulira. Patapita zaka 11, mu 1974, kampani ya Air Malawi idagula ndege ya VC10 yoyendera pakati pa Blantyre ndi London, ndipo kumchira kwake kudali injini zinayi za Conway. Idaleka kuuluka mu 1979, ndipo idakhala zaka zambiri itaima pambali pa bwalo la Chileka, kufikira idaphwasulidwa.